Chitele cha ku Bangkok

Amayi, mwadzuka bwanji uko muliko?

Ndayamba ndi moni chifukwa ndinu munatiphunzitsa kuti nkhani, ngakhale itenthe bwanji, imadikira moni. Ndine Elube, mwana wanu wachisamba, uja munkati sakhazikika ngati nkhuku yofuna poikira. Ife kuno tilipo. A Gondwe, mkamwini wanu, ali bwino, kungoti mimba yayamba kutsogola ndipo iwo akuti ndi jekete imene yachepa. Anawasankha kukhala mkulu wa mpingo, ndiye masiku ano ngakhale kuseka akumachita kuyeza. Zidzukulu zanu zakula. Tamara wayamba sukulu, ndipo anzake akumuseka kuti amalankhula Chichewa cha ku Zomba. Wamng'ono uja munamusiya akukwawa tsopano akuthamangitsa nkhuku za eni.

Esnati, mng'ono wanga, anachira bwino. Ndi mwana wamwamuna, ndipo mphumi ndi yanu yeniyeni. A malume Yohane anamutcha Samukani. Titafuna kukana dzinalo iwo anati, "Nanga timunamize mwana? Wabadwira pakati pa akatundu omangamanga." Kumalo kwatsopano kumene anawapatsa chimanga sichinachite bwino, dothi lake ndi lamchenga, koma mtedza wayesako. Mbuzi yanu yamawanga ija inabereka ana awiri, mmodzi fisi anatenga.

Ndikuuzeni tsopano za msamuko, popeza inu munachoka nkhaniyi idakali ya pakamwa chabe. Likulu linachokadi ku Zomba. Mukukumbuka mmene ndinkapempherera kuti lisamuke msanga, kuti ndizidzakuonani Loweruka lililonse osati pa Khirisimasi pokha? Inu munkangoseka nkumati, "Walira mvula walira matope, Elube." Matopewo ndi amene ndikupondawa. Likulu linandibweretsa kwathu, koma ndinafika inu mutagona kale, ndipo mudzi nawo unali utauzidwa kuti uchoke. Pamene panali mudzi wathu tsopano akuti Area 12. Ife anatipatsa nyumba ku Area 11, pafupi pomwepa, kongoyenda wapansi. Nyumba yake ndi yaikulu moti ndikaitana mwana ndimamva mawu anga akubwerera. Kumene tinkatola nkhuni kuja akuti City Centre, ndipo nyumba zosanja zikumera ngati bowa, fumbi lili kobo.

Chimene chinkanditonthoza chinali chimodzi. Anthu a boma oyeza malo analonjeza pamaso pa mudzi wonse kuti manda sadzawakhudza. Ndinkati zilibe kanthu, nyumba zigwe, nkhokwe zigwe, bola Amayi ali pompa. Tinapangana ndi a malume kuti ndikangobwerako ku ulendo umene ndikufuna kukuuzaniwu, tidzamange chiliza mvula isanagwe. Pa nthawiyo kumutu kwanu kunali nkhadze imene Esnati anabzala ndi kapu yanu yachitsulo yobenthuka ija, basi.

Ulendowo unali wa ku Thailand, Amayi. Musandifunse kuti ndi mbali iti, ndege inatembenuka kambirimbiri mpaka ndinasiya kulondola. A kuntchito ananditumiza miyezi ingapo kukaphunzira za kadyedwe ka ana, mumzinda wawo waukulu wotchedwa Bangkok. Kutentha kwake, kwa ku Chikwawa nkwamasewera. Ukasamba, pamene uziti uvale, thukuta layamba kale. Misewu ina ndi madzi okhaokha, anthu amapita kumsika pa bwato, ndipo tsabola amathira ngakhale m'zipatso. Anatipatsa mayi wina, namwino, kuti masiku opuma azitionetsa mzinda. Dzina lake lenileni linandikanika lilime, koma anzake ankamutcha Noi, nanenso ndinatengera pomwepo. Anali wamfupi ngati Esnati, woseka ataphimba pakamwa. Tinkamvana m'Chingerezi chothyokathyoka, iye chake, ine changa.

Tsiku loyamba lenilenilo ndinadzichititsa manyazi. Pakhomo paliponse, kaya pa sitolo, kaya pa banki, kaya pa nyumba ya mmphawi, ndinkaona kanyumba kakang'ono kali pamwamba pa mzati umodzi, kadenga kosongoka, kopakidwa utoto bwinobwino. Mtima wanga unakondwa. Ndinati anthu awa ndi abale athu, amaweta nkhunda ngati Amayi. Ndinayang'anayang'ana, nkhunda osaziona. Ndiye ndinafunsa kuti, "Noi, zitele zonsezi, nanga nkhunda zake zili kuti?" Mayi uja anaseka mpaka kugwira khoma. Atapuma anati, "Si za mbalame, Elube. Ndi za eni malo."

Anandifotokozera kuti kwawoko munthu akafuna kumanga amadziwa kuti pamalopo pali kale ena osaoneka, amene anamutsogolera kukhalapo. Sawathamangitsa. Amayamba wawamangira kanyumba kawo, pamalo pamene mthunzi wa nyumba yaikulu sufikapo, nkuwapempha kuti asamukiremo. M'mawa uliwonse amawaikira maluwa, kampunga, ndi madzi m'kakapu. Ndinafunsa kuti, "Ngakhale banki?" Iye anati, "Makamaka banki."

Pamenepo ndinakumbuka kachisi uja munkatiuza, kanyumba kaudzu kofika m'bondo, pansi pa mtengo wa msolo, kumene munkanyamulira ufa wa nsembe muli mtsikana musanabatizidwe. Inu munali mayi wa mpingo weniweni, wa duku loyera ndi buku la nyimbo, ndipo za nsembe munazisiya kalekale. Koma tikamadutsa pamsolo paja pochokera kudimba, munkatsitsa mawu. Tsiku lina nditakufunsani chifukwa chake, munandiyankha kuti, "Kupembedza sindipembedza, koma munthu sadutsa pakhomo pa eni osapereka moni." Mawu amenewa ndi amene anandiyendetsa ku Bangkok. Pakanapanda iwo bwenzi nditadzitsekera m'chipinda kuopa kuchimwa ndi maso.

Chifukwa akachisi awo, Amayi! Ife mawuwa ndi amodzi, kaudzu ka pamsolo kaja timati kachisi, chinyumba chachikulu chija timachimva m'maulaliki timatinso kachisi. Kumeneko ali nawo a mitundu yonse iwiri. Aakuluwo madenga ake ndi osanjikizana, ofiira ndi obiriwira, nsonga zake zagolide zothobwa m'maso dzuwa likawomba. Pakhomo umavula nsapato. Zanga, zatsopano, ndinazisiya pakati pa nsapato za anthu osawadziwa, ndipo mkati monse mtima unali panja, ndikuganiza kuti ndibwerera ku Malawi wopanda nsapato. Ndinazipeza zili pomwepo, wina atazitembenuza bwino kuti ndisavutike povala.

M'kachisi wina muli fano la mphunzitsi wamkulu wa chipembedzo chawo, litagona chammbali, dzanja litachirikiza mutu monga munkagonera inu masana pakhonde. Kutalika kwake kuposa tchalitchi chathu cha kumudzi. Umayenda, nkuyenda, usanafike kumapazi. Nditatopa ndinakhala pansi nkutambalala monga timachitira kwathu, miyendo kuloza kutsogolo. Noi anandigwira bondo, nkhope itasintha. Kwawoko kuloza chinthu cholemekezeka ndi mapazi ndi chipongwe chachikulu. Ndinapinda miyendo msangamsanga ngati namwali pamaso pa anamkungwi. Sindinagwadire fano, Amayi, musadandaule. Ndinangopereka moni.

Panja pa kachisiyo panali mayi wogulitsa timbalame m'tizikwere ta nsungwi. Munthu amagula nkutitsegulira kuti tiuluke, akuti potero wachita chabwino chimene chidzamutsata. Ine ndinamva chisoni ndi mayiyo kuti malonda ake amathera m'mwamba. Noi anandinong'oneza kuti ndisadandaule, madzulo timbalameto timabwerera tokha kwa mwini wake, mawa nkugulitsidwanso. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinati nkhani iyi ikanawapeza Amayi ali moyo ikanafika kudimba tsiku lomwelo.

Tinapitanso ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene amati myuziyamu. Muli zipinda zosatha, malupanga, ng'oma, zovala za mafumu, mipando yoika pamsana pa njovu. Munalinso ngolo zonyamulira maliro a mafumu awo, zazitali ngati nyumba yosanja, zosemedwa paliponse, zokokedwa ndi anthu pa zingwe. Ndinakumbuka kuti inu tinakunyamulani m'bokosi la matabwa a chitseko chanu chomwe, koma sindinachite manyazi, chifukwa anthu anali ambiri ndipo nyimbo inamveka mpaka kutsidya kwa Lingadzi. Chimene chinandiimitsa nthawi yaitali chinali pakona ina, m'galasi: mphika wadothi wobenthuka, wosasiyana ndi umene munkaphikira nyemba. Mphika wa mayi wina wosadziwika, koma uli ndi mlonda wake wa yunifolomu. Ndinaganiza za miphika yanu imene inatsala pabwinja tsiku la msamuko chifukwa lole inadzaza.

Ku nyumba ya zithunzi zojambula pamanja sindinatolepo zambiri. Zina zinali mizeremizere imene ngakhale Tamara angajambule, koma anthu ankaima patsogolo pake atagwira chibwano. Nanenso ndinagwira changa kuopa kuoneka wakumudzi.

Noi ananditengeranso pa kachisi wina wamng'ono pakati pa mzinda. Mmenemo chachikulu ndi mzati chabe, wopakidwa golide, ndipo anthu amabwera ndi maluwa ndi nsalu zamitundumitundu. Anati nawonso likulu lawo linachita kusamuka kalekale, kuchokera kutsidya kwa mtsinje, ndipo asanamange chilichonse anayamba azika mzati umenewo kuti mzinda ukhale ndi pogwira. Kenaka anandifunsa kuti ife likulu lathu latsopano tinayamba ndi chiyani. Ndinaganizaganiza, nkumuyankha zoona. Ndinati, "Tinayamba ndi mathirakitala."

Nditatsala pang'ono kubwerera anati, "Tiye ukaone amayi anga." Ndinavala bwino, ndinagulanso nthochi, poganiza kuti tikupita kunyumba. Tinakafika kukachisi wa m'dera lawo, kuseri, pa khoma lalitali lokhala ndi timakomo ting'onoting'ono ngati ta ku positi. Iwo akufa awo amawatentha, phulusa nkuliika m'khomamo, ndipo pa kakhomo kalikonse pali chithunzi ndi dzina. Noi anapukuta chithunzi cha mayi ake ndi mpango, nkuyamba kuwauza nkhani, kuti mlendo uyu wachokera kutali ndipo amati nyumba za eni malo ndi za nkhunda. Ankaseka ngati mayiwo akuseka naye. Kunena zoona, zotentha munthu zinandiopsa mumtima. Ndiye atandifunsa kuti anga ali kuti, ndinayankha monyada. Ndinati, "Amayi anga ali m'dothi la kwawo, athunthu, pafupi ndi amayi awo. Kuchokera kunyumba kwanga ndimayenda wapansi." Noi anati, "Uli ndi mwayi." Ine ndinavomera.

Nditabwerako, a Gondwe anandilandira ndi mafunso ambirimbiri a chakudya cha kumeneko, maso ali kumbali. Kunyumba ndinapeza a malume ali pakhonde, chipewa chili pabondo. Moni anapereka, koma wa pakamwa pokha. Za ulendo sanafunse. Anati, "Vula nsapato zazitalizo, tiye ukaone wekha."

Amayi, lonjezo lija analisunga. Mitengo ya kumanda ilipo, palibe ndi umodzi womwe umene anadula. Koma inu mukudziwa kuti mkati mwa mitengo munadzaza kale, ndipo inu ndi ena amene munatisiya zaka zaposachedwazi anakuikani kumphepete, patsala, pamene mitengo inali isanamere. Kwa anthu oyeza aja, manda ndi mitengo. Anazunguliza mitengo ndi zikhomo zawo, kunja konse nkukhala mapoloti. Popeza nyumba yanu inali yakumapeto kwa mudzi, pamene munkakhala ndi pamene munagona pagwera poloti imodzi. Anasalaza, anamanga, anabzala kapinga, anatchinga ndi waya. Nkhadze ya Esnati palibe, kapu palibe. Ndinagwira wayayo nkumayang'ana uku ndi uku, ndipo ine mwana wanu woyamba sindinathe kuloza kuti Amayi ali apa. Mwina muli pansi pa katungwe wa ana a m'nyumbamo, mwina pamene amaimika galimoto.

Pageti pali mlonda, bambo wa ku Dedza, waulemu wake. Nditamufotokozera anavula chipewa nkundipepesa ngati maliro achitika dzulo. Koma anati, "Mayi, ndimvereni chisoni. Ntchitoyi ndaipeza kumene, ana ndili nawo. Ndikakulowetsani, mawa ndili pamsewu." Ndinapempha kuti angonditapirako dothi lodzaza dzanja. Anayang'ana kunyumba, nkuyang'ana ine. "Nanga nditape pati, mayi?" Ndinabwerera chimanjamanja.

Dona wa m'nyumbamo ndi mzungu, anabwera ndi mwamuna wake amene akuthandiza ntchito yomanga mzinda. Tsiku lina anatuluka atandiona nditaima pawaya. Si munthu woipa. Anamvetsera, nkhope inafiira, anati iye sakudziwa kanthu, nyumba anangopatsidwa, ndipo chonde ndisanenenso zimenezi ana ake akumva chifukwa adzaopa kusewera panja. Anandilozera ku ofesi. Ku ofesiko anandilozera ku ofesi ina, ndipo kumeneko bwana anali atapita ku Blantyre. Nditamupeza sabata ina, anatambasula mapu patebulo nkuloza kamalo kobiriwira. "Manda anu si awa, mayi? Tawasunga bwinobwino. Kapena mukufuna kunena kuti chitukuko chalakwa?" Amayi, masiku ano funso lotere munthu sayankha. Ndinathokoza nkutuluka.

A malume ankandiyang'ana ngati ndabisa kiyi m'thumba. "Iwe wakwera ndege, amuna ako amagwira ntchito pa Capital Hill. Ngati walephera iwe, ife a makasu tipite kwa yani?" Sadziwa kuti a Gondwe nawo, pokhala munthu wa kumpoto, amayenda ngati ali pa ulalo wa mtengo umodzi, ndipo dandaulo limodzi lokwera mawu likhoza kuwabweza ku Rumphi ndi sutikesi. Anayesa kulankhula ndi mnzawo wina mwakachetechete, mnzawoyo anangoti, "Zisiyeni izi, achimwene." Simenti imene tinagulira chiliza ili m'chipinda cha makasu, yayamba kuuma.

Ndinkadya osamva kukoma. Chimene chinkandipweteka kwambiri nchakuti ndinalibe poyang'ana ndikafuna kukuuzani kanthu. Noi ali ndi kakhomo kake pakhoma, amapukuta, amaseka. Ine amene ndinamunyadira uja ndili ndi waya.

Ndiye Loweruka lina ndinakwera basi kupita ku Old Town, kuseri kwa msika kumene kuli akalipentala. Ndinapeza bambo wina wachikulire, pensulo ili kukhutu, ndipo ndinamujambulira pansi ndi kamtengo: mzati umodzi, kanyumba pamwamba, denga losongoka, kakhonde kutsogolo. Anayang'ana kamodzi nkunena kuti, "Chitele." Ndinati ayi, si chitele kwenikweni. "Nanga nchiyani, mayi?" Ndikanati kachisi, msika wonse ukanamva kuti mkazi wa mkulu wa mpingo wayamba za mizimu. Ndinati, "Chabwino, chitele. Koma khonde lisalephere." Bamboyo anapukusa mutu. "Nkhunda za ku ma Area zikufunanso khonde! Mawa mudzati tiikemo bafa."

Kanyumbako katatha, ndinakaimika kuseri kwa nyumba, pakona yoyang'ana ku Area 12, nditayamba ndaonetsetsa tsiku lathunthu kuti mthunzi wa nyumba sufikapo. Ndinaikamo kakapu ka madzi ndi duwa limodzi. Musandikalipire, Amayi. Kupembedza sindikupembedza. Ndinkangofuna pokupatsirani moni.

A Gondwe anakaona ataweruka kuntchito. Anaima manja ali kumbuyo, anasuzumira mkati, anaona kapu ndi duwa. Zithunzi za ku Bangkok anali ataziona, ndiye sanafunike kuuzidwa. Anangoti, "Amake Tamara, mukudziwa kuti Lachitatu akulu a mpingo akumana pano?" Ndinati ndikudziwa. Ndinadikira kuti anene kuti ndizule. Sananene, ndipo kusanenako kunandilemera kuposa kukalipa.

Lachitatu anabweradi. Atatha zokambirana zawo, mmodzi wa iwo, a Nyirenda, amene maso awo saphonya kanthu, anatuluka ndi a Gondwe kukaona masamba amene ndinabzala kuseri. Ine ndinali pakhomo la khitchini, mbale m'manja. Kapu ndi duwa zinali momwemo. Kaya ndinaiwala kuchotsa kaya sindinafune, sindikudziwa. A Nyirenda anaima pa kanyumba kaja, nkukazungulira. "A Gondwe, chitele chokongola chotere! Mpaka maluwa? Nanga nkhunda zake zili kuti?" Funso langa lomwe lija, Amayi, linanditsatira kuchokera ku Bangkok mpaka kuseri kwa nyumba yanga, koma apa panalibe woseka. A Gondwe anandiyang'ana kamodzi, nkuyankha osaphethira, "Zikubwera. Ndi za malemu apongozi anga, zili kwa mlamu wanga."

Munthu uja munkamukayikira chifukwa cha Chitumbuka chake, nkumati adzanditengera kutali, ndi amene ananditchinjiriza pamaso pa anzake. Ndipo kuti mawu awo asakhale bodza, Loweruka lotsatira anayendetsa okha galimoto mpaka kwa Esnati.

Nkhunda zanu zambiri zinatha. Mudzi utasamuka, zinkauluka kubwerera kubwinja, osapeza chitele, anthu nkumazigenda ndi malegeni. Esnati anapulumutsa ziwiri pozizula nthenga za m'mapiko. Ina ndi yoyera yamawanga pakhosi ija munkaitcha Dona chifukwa chodya mosankha, ina ndi yaimuna yake. Anatipatsira m'dengu atavindikira ndi chitenje, ndipo sanafunse zambiri. Kanyumba kanga ka ku Bangkok kanasanduka chitele chenicheni. Duwa lija zinalijompha tsiku lomwelo, kapu zinaigubuduza. Ndinafuna kulira, koma ndinapezeka ndikuseka, chifukwa ndinakuonani m'maganizo mutagwira m'chiuno nkumati, "Nanga umati zichite chiyani, ziimbe nyimbo?"

Nthenga zitamera ndinazitsegulira ndi mantha, poganiza kuti zipita osabweranso. Zinakwera padenga, zinazungulirazungulira m'mwamba, kenaka zinawongoka kulunjika ku Area 12. Ndinathamanga ngati wamisala, chitenje chili m'manja, mpaka pawaya paja. Ndinazipeza zitatera pakapinga, zikuyenda nkumagwedeza mitu, osaopa galu, osaopa munthu. Mlonda uja anali ataima nkumaziyang'ana, chipewa chili m'manja. Anati, "Mayi, izi ndi zanu?" Ndinati, "Ndi za eni malo." Anavala chipewa chake. "Za mbalame sanandiuze kanthu," anatero, nkubwerera pageti.

Dzuwa litapendeka zinabwerera. Kuyambira tsikulo ndi mmene zikuchitira. M'mawa ndikazimwazira mapira zimadya pang'ono nkupita kwanu, madzulo nkubwera kwanga. Ndiye pa poloti paja tsopano pali madona awiri, koma amene akudziwa kuti pansi pali ndani ndi wa nthengayo.

Ku ofesi ndikupitabe, ndipo akundiuzabe kuti ndibwere sabata yamawa. A malume asiya kufunsa, ndipo kusiya kwawoko kumandiwawa kuposa mafunso aja. Chiliza sitimanga. Mumtima ndayamba kuvomereza, ngakhale pamaso pa Esnati pakamwa pakukana kunena. Ndilibe mphamvu, Amayi, ndikunena poyera. Sukulu munandiphunzitsa ndi mtedza wanu ija yandifikitsa ku Bangkok, koma yalephera kundilowetsa pageti limodzi la m'mudzi mwathu momwe.

Munkati nkhunda sizikhala pakhomo pa ndewu. Ndiye ndikukulonjezani kuti pakhomo pano tizilankhulana motsitsa mawu, ngakhale a Gondwe abwere ndi alendo osandiuza, kuti ziwirizi zisapeze chifukwa chotisiyira. Zikaswa, sitidzadyapo mwana ndi mmodzi yemwe, atsate makolo awo aphunzire njira. Ndipo pawaya paja sindidzasiya kuimapo, mpaka Samukani adzakule, ndidzamugwire dzanja nkumuuza kuti agogo ake ali penapake pamenepa, apereke moni.

Zikatera madzulo ndimagwira Dona nkumutembenuza kuti ndione kumapazi. Amakhala ofiira ngati katondo wa kwathu uja. Musaseke, Amayi, ndikudziwa kuti mapazi a nkhunda ndi ofiira chibadwire. Komabe ndimawapukuta ndi chala, nkufunsa kuti mwaswera bwanji.

Mukaziona zikuyenda pakapinga pamwamba panu, dziwani kuti ndazituma ndine. Mawa m'mawa ndizitumanso.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kale,
Elube